Nchito ya Cibale Imapha pa Tsiku la Moto

Mu August 2023 moto wa m'thengo unatentha tauni ya Lahaina ku Hawaii, nupha anthu oposa 100. Malipenga ocenjeza sanalizidwe. Mkulu woyang'anira zangozi kumeneko anaphunzira za ndale ndi malamulo, ndipo asanapatsidwe udindowo mu 2017 anali kugwira nchito mu ofesi ya meya.

Nchito yoteteza miyoyo ipatsidwe kwa woidziwa, osati kwa m'bale kapena bwenzi la akulu-akulu. Pamenepo anthu adzakhulupirira cenjezo likabwera.

Banja nalonso lisacedwe ndi kulongedza katundu akalamula kuti anthu acoke. Utsi umatsamwitsa munthu moto usanam'fike, ndipo ana, okalamba ndi odwala asima ndiwo ayamba kukomoka. Katundu agulidwanso, koma moyo ulibe sitolo.