Misonkhano ikuluikulu ikulowera ku mathithi a Zambezi

VICTORIA FALLS – Nthumwi za mayiko amene anasaina pangano la Ramsar, loteteza madambo ndi malo ena osunga madzi, zinakumana ku Victoria Falls kuyambira pa 23 mpaka pa 31 July 2025, mu mzinda umene anthu ake safika 40,000. Misonkhano iwiri ya m'mbuyo ya panganoli inachitikira ku Dubai mu 2018, ndi ku Wuhan komanso Geneva mu 2022.

Aka sikanali koyamba kuti boma la Zimbabwe lilambalale Harare ndi kutengera alendo ake m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Atsogoleri a mayiko a m'bungwe la SADC anakumana komweko mu August 2014. Kutsidya kwa mtsinjewu, mzinda wa Livingstone ku Zambia unalandira mu May 2024 atsogoleri a mayiko asanu amene amayang'anira pamodzi dera la nyama zakutchire la Kavango-Zambezi: Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe.

Chiyambi cha zonsezi chinali August 2013, pamene mizinda iwiriyi inachititsa limodzi msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona zokopa alendo, limene nthawi imeneyo linkadziwika kuti UNWTO. Kanali kachiwiri kuti msonkhanowu uchitikire mu Africa ya kumwera kwa Sahara, woyamba utachitikira ku Senegal mu 2005.

Chimene chimakopa okonza misonkhano ku mizinda yotereyi n'chodziwikiratu. Ku Johannesburg kapena ku Nairobi nthumwi zimataya maola pamsewu chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto, ndipo zokambirana zikatha aliyense amalowera kwake. Mu mzinda wocheperapo mahotela amakhala moyandikana, achitetezo sachulukidwa ntchito, ndipo nduna imene inakana kumva mfundo masana imapezeka pa tebulo limodzi la chakudya chamadzulo ndi amene inatsutsana nawo. Mfundo zambiri zimamangidwira pamenepo. Komanso, ngakhale makalata oitanira anthu sanena zimenezi, ndi ochepa amene amakana ulendo wopita kumene kuli mathithi a Mosi-oa-Tunya.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri imeneyi sinabwere ndi nyumba yaikulu ya misonkhano. Pokonzekera msonkhano wa 2013 boma la Zimbabwe linalankhula zomanga holo yamakono ku Victoria Falls, koma nthawi itakwana nthumwi zinasonkhana m'chinyumba chongoyembekezera chimene chinaimikidwa pa hotela ya Elephant Hills. Msonkhanowo unayenda ndithu.

Zimene zinaoneka ku Lilongwe chaka chimodzi izi zisanachitike n'zosiyana. Kumeneko holo inalipo. Bingu International Convention Centre, yomangidwa ndi ngongole yochokera ku China, inkayembekezeka kulandira atsogoleri a bungwe la African Union mu July 2012. Boma la Mayi Joyce Banda litakana kulandira mtsogoleri wa Sudan wa nthawiyo, Omar al-Bashir, amene ankafunidwa ndi khoti la milandu ikuluikulu la ICC, msonkhanowo unasamukira ku Addis Ababa. Eni malo ogona ndi eni magalimoto amene anakonzekera alendowo anangoti kakasi. Holoyo inadzalandira atsogoleri a SADC mu 2013 ndi mu 2021, koma misonkhano yotere imabwera mwa kasinthasintha, ndipo zaka zimapita isanabwerenso. Magetsi, alonda ndi ngongole zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi, kaya mwadzaza anthu kaya muli zii.

Chimene chinasintha zinthu ku Victoria Falls ndi bwalo la ndege. Ndi ngongole ya madola 150 miliyoni a ku America yochokera ku banki ya China Exim, boma linamanga msewu wa ndege wotalika makilomita anayi ndi nyumba yatsopano yofikiramo alendo, ndipo zinatsegulidwa mu November 2016. Chaka chotsatira ndege za Ethiopian Airlines ndi Kenya Airways zinayamba kutera kumeneko. Izi zinatanthauza kuti mlendo wochokera ku Asia, ku Ulaya kapena kumadzulo kwa Africa akhoza kufika ku mathithi podzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Ku Livingstone nako, bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula linakulitsidwa pokonzekera msonkhano wa 2013.

Malire nawo anafewetsedwa. Mu November 2014 mayiko awiriwa anakhazikitsa chiphaso chimodzi cha visa, cha madola 50, cholola mlendo kuwoloka mlatho wa pa Zambezi wa 1905 kupita uku ndi uko kwa masiku 30. Kwa wokonza msonkhano phindu lake lili pa mabedi: nthumwi zimene zasowa malo mbali ino zikhoza kugona tsidya lina. Mizinda iwiri imene payokhapayokha ikanachepa imawerengedwa ngati malo amodzi. Mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu May 2021 pakati pa Zambia ndi Botswana, unawonjezera Kasane pa chiwerengerocho.

Komabe amene amavutika kwambiri kufika ku mathithi nthawi zambiri ndi anansi omwe. Nthumwi yochokera ku Lilongwe, Tete kapena Lubumbashi imayenera kusintha ndege ku mzinda wina, mwinanso kugona panjira, pa ulendo umene pamapu umaoneka waufupi. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Yamoussoukro mu 1999 zotsegulirana njira za m'mlengalenga, ndipo African Union inakhazikitsa msika umodzi wa maulendo a ndege mu January 2018, koma maboma ambiri akutetezabe makampani awo a ndege. Mabungwe ang'onoang'ono a alimi, amalonda ndi aphunzitsi a m'chigawo chino, amene amadzilipirira okha, amawerengetsera mtengo wa tikiti asanaone kukongola kwa malo. Chifukwa cha ichi misonkhano yawo yambiri imatherabe ku Johannesburg, kumene ndege za chigawo chonse zimakumana.

Chilala cha 2024 chinaonetsa vuto lina. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February chaka chimenecho kuti dziko la Zambia lili pa ngozi, madzi anatsika kwambiri m'damu la Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku ku Zambia ndi ku Zimbabwe komwe. Mahotela akuluakulu ali ndi majenereta, ndipo mtengo wa dizilo amaubweza pa mlendo. Malo ogona ang'onoang'ono, a eni mzinda, ndiwo amene amalephera kulonjeza magetsi ndi intaneti yosaduladula, choncho ndalama za nthumwi zimawadutsa. Ogulitsa ziboliboli ndi oyendetsa mataxi amadalira tsiku limodzi lopuma limene okonza msonkhano angaike pa ndondomeko, kapena osaika.

Msonkhano uliwonse waukulu ukatha, mawu ofuna mahotela ena ndi holo yokhazikika amamvekanso. Apa maboma awiriwa ali pa mphambano. Mathithiwa ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse kuyambira 1989, ndipo bungweli lakhala likudandaula ndi zomangamanga zimene zikuyandikira mtsinje ndi kutseka njira zimene njovu zimadutsa popita kukamwa madzi. Malo amene amalonda amawasirira kwambiri, a m'mphepete mwenimweni mwa Zambezi, ndi omwewo amene nthumwi za Ramsar zinabwera kudzakambirana zowateteza mu 2025.