Kuteteza ana ku zodzoladzola kuyambire kwa opanga

Ana ambiri ku Ulaya ndi ku Amereka ayamba kudzola mafuta ochotsa makwinya omwe amawaona pa TikTok, ngakhale madotolo akuchenjeza kuti mankhwala a retinol opezeka m'mafutawa amawotcha ndi kusupula khungu lanthete.

Maboma ayesa njira ziwiri. M'chaka cha 2024, phungu Alex Lee wa ku California adapereka bilu yoletsa kugulitsa mafutawa kwa ana osakwana zaka 13, koma biluyo idathera m'komiti. Lamulo lotere limasenzetsa udindo wogulitsa m'sitolo, chonsecho mwana angathe kutuma wamkulu kukamugulira.

Bungwe la European Union lidalunjika kwa opanga. Lidalamula kuti kuyambira pa 1 November 2025, mafuta atsopano pamsika asakhale ndi retinol wopitirira 0.3 peresenti ngati ndi a kumaso, kapena 0.05 peresenti ngati ndi a thupi lonse.

Ku Malawi, komwe zodzoladzola zambiri zimachokera kunja, njira yachiwiriyi ndiyo ingagwire mtima wa nkhaniyi: muyezo womveka bwino umene bungwe la Malawi Bureau of Standards lingaunikire katundu asanafike m'manja mwa ana.