Ukwati Ukathawira Kunyanja

Msika wa fodya ukangotsekulidwa pa Chinkhoma, maukwati amayamba kuphuka m'dera lathu lino la Kasungu. Zimenezi n'zakale ndipo palibe chodabwitsa, pakuti mlimi amene wakhala akuwerama kuyambira pa nazale, ndi kuwokera mvula yoyamba, ndi kuthyola, ndi kusoka, ndi kuyanika m'chigafa mpaka kudinda mabelo, ndalama amazigwira kamodzi kokha pa chaka. Choti achite chachikulu amachita nthawi yomweyo. Koma pali kachitidwe kena kamene kayamba kulowa pakati pa ana athu, makamaka iwo amene akugwira ntchito m'tauni, ndipo ine kandifika pakhomo penipeni.

Mwana wa mlongo wanga, amene ine ndine nkhoswe yake, anabwera tsiku lina la Sabata titatuluka m'tchalitchi. Anakhala pansi mwaulemu, nati: "Amalume, ife tagwirizana kuti ukwati wathu ukachitikire kunyanja. Titenga anthu 30 okha, minibasi ziwiri. Tikamanga ukwati pamchenga, tikadya chambo, tikajambulitsa, basi tabwerako. Tawerengera bwino, ndi wotchipa kuposa wa kuno kumudzi. Komanso mkazi wangayu chibadwire sanaonepo nyanja."

Sindinamukalipire, chifukwa mwa mawu ake munali choonadi china chimene chinandilasa, ndipo ndibwererako. Koma ndinakana, ndipo ndikukanabe. Popeza ndamva kuti si banja lathu lokha limene lakumana ndi nkhaniyi, ndati ndilembe poyera zifukwa zanga kuti makolo anzanga ndi achinyamata aziyese okha.

Tiyambe ndi zimene Eklezia amanena, pakuti ambiri sazidziwa. Buku la malamulo a Eklezia la chaka cha 1983 likunena pa lamulo 1108 kuti ukwati wa Mkatolika umamangidwa pamaso pa wansembe kapena dikoni wopatsidwa mphamvu, pali mboni ziwiri. Lamulo 1115 likuti malo ake ndi parishi imene mmodzi mwa awiriwo amakhala. Lamulo 1118 likuti uchitikire m'tchalitchi cha parishi. Bambo mfumu angathe kuloleza kuti uchitikire m'tchalitchi china, koma kuti uchitikire pamalo ena osakhala tchalitchi, chilolezo chiyenera kuchokera kwa Ambuye Episkopi kapena amene akuwaimira. Tsono amene akuganiza kuti angonyamula wansembe mnzawo wa kusukulu m'galimoto, monga amanyamulira wojambula zithunzi ndi woimba nyimbo, adziwe kuti sizitero. Ena akamva zimenezi amangofuna mbusa aliyense wopezeka pafupi, kapena amangolembetsa kwa boma, nabwerako ndi mphete ku chala. Boma lingauvomere ukwati wotere, koma kwa Eklezia sakramenti silinachitike, ndipo awiriwo amadzidula okha ku Ukaristia chifukwa cha chithunzi cha pamchenga.

Wina adzati malamulo ndi a anthu, Mulungu ali ponseponse, kunyanja komwe aliko. Inde aliko, ndiye anailenga nyanjayo. Koma lamulolo silinaikidwe chifukwa Mulungu amasowa pamchenga. Linaikidwa chifukwa cha anthu. Mayina a ofuna kukwatirana amalengezedwa m'tchalitchi cha kwawo kuti amene akudziwa cholepheretsa anene; ndipo odziwa ndi a m'mudzi, osati operekera zakudya ku hotela. Kumudzi ndiye kumadziwika kuti mnyamatayu anasiya mkazi ndi ana awiri pa esiteti ina, kapena kuti awiriwa ndi pachibale. Ukwati wochitikira kutali ndi maso a anthu umabisa zambiri. Sindikunena kuti onse opita kunyanja ali ndi chobisa, ayi. Ndikunena kuti khomo limene wolungama watulukira, wakuba nayenso amatulukira pomwepo.

Koma chimene chikundiwawa koposa si lamulo. Ndinamufunsa mnyamatayo kuti anditchulire anthu 30 aja. Anatchula makolo, abale a bere limodzi, anzawo a kuntchito, operekeza akwati, wojambula. Ndinati, "Nanga agogo ako?" Anati ulendo ndi wautali, msana wawo sungalole. Agogo amenewa ndi amene anamulera mayi ake ali kumunda, ndi amene anagulitsa mbuzi yawo kuti iye alembe mayeso a Fomu 2. Nanga a mphakati, amene anamuphunzitsa katekisimu, nadzagona pa maliro a bambo ake aang'ono masiku atatu? Nanga amayi a kwaya? Nanga anyakwawa? Onsewa alibe mpando m'minibasi. Kusankha kumeneku kumaoneka ngati kwa ndalama chabe, koma taonani amene amagwa pa chisankhocho: okalamba, osauka, ndi opanda nsapato zoyenera chithunzi.

M'dayosizi yathu ya Lilongwe, kuyambira nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe m'zaka za m'ma 1970, takhala tikuphunzitsidwa kuti Eklezia amayambira pa mphakati, pa mabanja oyandikana amene amapemphera pamodzi ndi kusenzerana mavuto. Makolo athu Achewa anali ndi nzeru yomweyo asanamve za mphakati. Pa chinkhoswe ankhoswe amapatsana tambala ndi msoti anthu akuona, kutanthauza kuti banja limeneli lili ndi eni ake, ndipo likadzagwedezeka pali oitanidwa usiku. Banja lililonse limagwedezeka. Chaka chimene fodya adzakanidwe pa msika, kapena mwana adzadwale, kapena mwamuna adzayambe kuchedwa ku mowa, amene adzabwere kudzakhala pakhonde ndi kumva mbali zonse ziwiri ndi anthu omwe aja munawasiya. Adzabwera ndithu, chifukwa ndi anthu abwino. Koma adzabwera ngati alendo pa chinthu chimene sanachione chikumangidwa.

Tsono za kutchipa. Mawerengero a mnyamatayo anali ndi mabowo ngati lichero lakale. Anawerengera minibasi, koma sanawerengere kuti mafuta a galimoto m'dziko muno amatha kusowa sabata yathunthu, ndipo akasowa mtengo wa ulendo umakwera tsiku lomwelo. Anawerengera chakudya cha masana, osawerengera kuti anthu 30 ochokera ku Kasungu sangapite ndi kubwera tsiku limodzi ukwati uli pakati, ayenera kugona, ndipo malo ogona a m'mbali mwa nyanja mitengo yake anaikira alendo a kunja ndi a misonkhano ya mabungwe. Anafunsa mitengo miyezi isanu ndi umodzi tsiku lisanafike, ngati kuti kwacha imaima malo amodzi. Tonse tikukumbuka kuti inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atasunga ndalama za ukwati anadzuka m'mawa zitafupika. Bowo lalikulu ndi ili: pobwera kunyanjako, kodi akuganiza kuti mudzi udzangoti zikomo? Mayi ake adzafulula thobwa, mbuzi idzaphedwa, anthu adzasonkhana kuti aone mkamwini kapena mtengwa. Madyerero adzakhala awiri m'malo mwa amodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo ndalama zake zichokera kuti? Kwa ambiri a ife zichokera ku fodya amene sanagulitsidwe. Mlimi wa pa kontirakiti amadziwa kuti kampani imayamba yadula ngongole ya feteleza ndi mbewu, kenaka pali za mayendedwe a mabelo ndi misonkho ya pa msika, ndipo chotsala ndicho chake, choti adye, alipire sukulu ndi kuyambira nazale ya chaka chamawa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kulonjeza hotela ndalama za mabelo amene akadali m'chigafa ndi kunusa fodya wa mphepo. Zikavuta, anthu amathamangira ku banki m'khonde, ndipo kukakanika kumeneko amagwa m'manja mwa a katapila. Ndaonapo banja latsopano likugulitsa chimanga cha m'nkhokwe mwezi wa Ogasiti kuti libweze ngongole ya tsiku limodzi, n'kumadzagula chimanga chomwecho mu Febuluwale pa mtengo wowirikiza.

Apa ndiyenera kutembenukira kwa ife akuluakulu, pakuti choonadi chija chinandilasa ndi ichi: ana athu akuthawa ife. Ukwati wa kumudzi ndi wa m'tauni tausandutsa msika. Timapanga makomiti a miyezi itatu, komiti iliyonse ndi zakudya zake. Tisanafike pa tsikulo pamakhala chinkhoswe chonga ukwati, ndi maphwando ena olangiza mkwatibwi amene makolo athu sanawadziwe, paliponse ndi nsalu yake yofanana. Pa tsikulo Misa timaifulumizitsa kuti tikafike ku holo, kumene perekani-perekani amatenga maola anayi, wolengeza akuitana anthu m'magulumagulu ndi kuchititsa manyazi amene waponya zochepa. Akwati amakhala pampando ngati katundu wa pa okushoni, njala ili m'mimba, nkhope zitauma. Mnyamata woona zimenezi akati bola kunyanja, kodi tingamunene kuti wapenga?

Zotsatira zake tikuziona Lamulungu lililonse. Tayang'anani mabanja angati amene amatsala pa benchi nthawi ya kulandira Ukaristia. Ambiri a iwo si anthu okana Mulungu. Analowana zaka zisanu, khumi zapitazo, ali ndi ana obatizidwa, ndipo mukawafunsa amati, "Tikudikira tipeze ndalama za ukwati." Sakramenti silifuna holo. Amene anawauza kuti popanda ng'ombe, keke ndi magalimoto ukwati ndi wamanyazi, ndi ife. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Amoris Laetitia ya chaka cha 2016, anadandaula za chomwechi, kuti okonzekera ukwati amatha mphamvu ndi ndalama pa makadi, zovala ndi phwando, nafika pa guwa ali otopa, ndipo anawalimbikitsa kuti asachite manyazi kusankha chikondwerero chosalira zambiri. Ku Kana vinyo anatha, eni phwando anali pafupi kuchita manyazi, ndipo amene anaona vutolo ndi Amayi Maria chifukwa analipo, anaitanidwa. Koma sitiwerenga kuti eni ukwati anakatenga katapila. M'maparishi ambiri muli mwambo wodalitsa maukwati angapo pa Misa imodzi. Ena amaunyoza kuti ndi ukwati wa amphawi, pamene ndi umene wabwezera mabanja ochuluka ku masakramenti.

Nanga nyanja ija? Pamenepa ndiye ndili kumbali ya mtsikanayo ndi mtima wanga wonse. N'zachisoni kuti munthu abadwire ku Kasungu, akule, akalambe, osaiona nyanja imene azungu amalipira ndege kudzaiona. Apite ndithu, koma apite awiri, ukwati utamangidwa kwawo, ngongole palibe. Ndalama yonyamulira anthu 30 tsiku limodzi ingasunge anthu awiri sabata yathunthu, n'kutsalako.

Safunikanso kuzungulira ku Lilongwe. Msewu wa M18 umachoka pa boma la Kasungu kulowera kum'mawa, kudutsa kufupi ndi Mtunthama kumene kuli Kamuzu Academy, sukulu imene inatsekulidwa mu 1981, n'kuwoloka mtsinje wa Bua, n'kulowa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota. M'nkhalango imeneyi anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017, choncho woyenda asatsike m'galimoto mwachisawawa. Msewu ukayamba kutsetsereka, mpweya umasintha, kumayamba kutentha, minda ya fodya imasanduka ya chinangwa ndi mpunga, kenaka madzi aja amaonekera, opanda tsidya. Munthu wa kumtunda amayamba wakhala chete. Ine ndinaiona ndili ndi ana atatu kale, ndipo ndinafunsa mopusa ngati madzi onsewo ndi a mvula ya chaka chimodzi. Pa Nkhotakota akaone mtengo umene amati David Livingstone anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo, akumbukire kuti gombe lokongolalo linali doko limene anthu a kumtunda kuno ankawolotsedwa m'zombo osabwereranso. Adzuke m'mamawa aone dzuwa likutuluka m'madzi ndi asodzi akubwera ndi usipa. Afunse eni dera malo osambapo, chifukwa ng'ona ndi mvuu sizidziwa kuti awa ndi akwati, ndipo m'madzi odikha a m'mabango muli likodzo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umawomba kwambiri, asakwere bwato chifukwa chofuna chithunzi. Lamulungu akapemphere ku parishi ya komweko, ndi dayosizi yathu yomweyi. Ngati m'thumba mwatsala kanthu, atsike ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja kudzera ku Salima mpaka ku Mua, mishoni imene Azibambo Oyera anaitsekula mu 1902, kumene malo a KuNgoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akusunga mbiri ya miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ya ukwati yomwe.

Ndipo amene ngakhale zimenezi zawakulira, paki ya Kasungu ili pakhomo pathu, inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo Mmalawi amalipira zochepa polowa kuposa mlendo wa kunja. Ndikudziwa kuti kwa anzathu olima m'malire mwa pakiyo njovu si chinthu chokaona, makamaka chibwerere zija 263 za ku Liwonde mu 2022, zimene zawononga minda ndipo anthu ena ataya miyoyo. Komabe kukhala madzulo pa damu la Lifupa ndi kuona mvuu zikutulutsa mphuno ndi chinthu chimene ambiri a ife tinangomva kwa alendo.

Mwana wa mlongo wanga ndinamuuza zonsezi, ndipo ndinawonjeza lonjezo limene landidanitsa ndi azakhali ake: akamangitsa ukwati ku parishi kwathu, ine monga nkhoswe ndidzaima pakati kuti pasakhale holo, pasakhale komiti, perekani-perekani asapitirire ola limodzi, tidye nsima ndi nkhuku pabwalo la agogo ake, ndipo za ulendo wa awiriwo wa ku Nkhotakota ndidzalipira ndine fodya wanga akatuluka. Anati akaganiza. Mayina sanalembetsebe kwa bambo mfumu, ndipo ndamva kuti azakhali aja ayamba kale kufunsa mtengo wa nsalu yofanana.