Mphika ukasefukira, banja likhale pomwepo

Januwale kuno ku Jenda ndi mwezi wa khasu m'manja ndi nkhokwe yopepuka. Chimanga chili m'mawondo, feteleza wobereketsa akutidwalitsa mutu, ndipo mtengo wa ndowa pamsika sukugona. Koma chapakati pa mwezi womwewu, ku Tamil Nadu, kummwera kwa India, mpunga watsopano umakhala utalowa m'nyumba. Ahindu akumeneko amachita chikondwerero cha masiku anayi chotchedwa Pongal.

Tsiku loyamba amasesa nyumba n'kutentha zakutha. Lachiwiri ndiye mwini nkhani. Banja lonse limazungulira mphika watsopano wadothi pabwalo, n'kuphika mpunga ndi mkaka ndi shuga wa nzimbe. Ife mkaka ukasefukira timakalipira mwana, koma iwo amadikira dala kuti usefukire, n'kufuula mokondwa. Dzina loti Pongal tanthauzo lake ndi lomwelo, kusefukira. Chakudyacho amayamba apereka kwa Surya, mulungu wawo wa dzuwa, kenako n'kudya onse. Lachitatu ndi la ng'ombe: amazisambitsa, kuzipenta nyanga, kuziveka maluwa, ndipo tsikulo sizigwira ntchito. Lachinayi amayendera abale.

Abale athu omwe ali ku Durban mwina anazionapo. Amwenye oyamba okalima nzimbe ku Natal anafika mu 1860 kuchokera ku Madras, ndipo zidzukulu zawo zikuphikabe mphika umenewu mpaka lero, ngakhale ambiri alibe n'komwe munda.

Zoterezi si zachilendo kwa ife. Tikangodutsa malire, Angoni anzathu a Mpezeni amachita Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, komwe mfumu imalawa zakumunda zoyamba. M'mipingo yathu timapereka za masika. Mu Ogasiti timakhamukira ku phiri la Hora kukavina ingoma pa Umthetho. Koma pakhomo penipeni, ndi liti timakhala pansi monga banja n'kunena kuti zikomo, takolola?

Taimani pamsika wa Jenda m'mbali mwa M1 muone. Tomato, anyezi ndi mbatatesi zimachoka kudimba kulunjika pagalimoto ya mavenda a ku Lilongwe ndi Mzuzu. Zabwino zonse n'zogulitsa, ana amadya zotsala. Ng'ombe yomwe yakoka ngolo chaka chonse timangoikumbukira pa nkhani ya lobola. Achimwene ali ku Joni amatumiza ndalama ya feteleza, koma chimanga chake sachiona ngakhale pa chithunzi. Agogo amene anapalira msana uli kuwawa palibe wowathokoza. Paja amati chibale ndi fupa sichiwola, koma fupa losayenderedwa limauma ndithu.

Sindikunena kuti tiyambe kupembedza dzuwa, ayi. Aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Chomwe tingabwereke ndi dongosolo lake: kusankha tsiku, kuliika pa kalendala, osalisuntha.

Ndiye chaka chino, zakumunda zikacha mu Epulo, dengu loyamba lisapite pamsewu. Wiritsani mondokwa, maungu ndi mtedza mumphika umodzi waukulu. Agogo ayambe kulawa ndiwo. Ng'ombe zipume tsiku limenelo. Inu a foni zapamwamba, gulani bandulo muimbire achimwene pa WhatsApp, aone ndi maso awo kuti ndalama yawo inabala chiyani. Ndipo mbale imodzi ipite kwa mnansi amene mvula sinamukomere. Mavenda adikire mawa, sathawa.