Khola la malata ndi dzuwa la Okutobala kwa Mlonyeni

Dera la Mfumu Mlonyeni, m'boma la Mchinji kufupi ndi malire a Malawi ndi Zambia, lili pamalo okwera mamita opitirira 1,000 poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo pa chifukwa ichi silipsa ngati Nsanje ndi Chikwawa, kumene mu Okutobala 2023 a zanyengo anachenjeza kuti kutentha kungafike madigiri 44. Komabe kuyambira kumapeto kwa Seputembala kufikira mvula yoyamba itagwa, masana ambiri kutentha kumafika kapena kupitirira madigiri 30, muyeso umene munthu amaupirira atakhala pansi pa mtengo wa mango koma umene umafooketsa nkhuku, makamaka yotsekeredwa. Chimene ambiri sachilingalira n'chakuti nkhuku zovutika kwambiri m'nyengo imeneyi si zachikuda zongodziyendera m'mudzi, koma zija zimene mwini wake wazimangira malo amene iye amawayesa achitukuko.

Thupi la nkhuku limatentha madigiri 41 kapena 42 ngakhale ili bwinobwino, ndipo popeza ilibe timabowo totulutsira thukuta monga munthu, njira zake zodziziziritsira n'zochepa. Imatambasula mapiko kuti mphepo ifike m'kwapa mmene nthenga ndi zochepa, imatumiza magazi ambiri ku lipombo la pamutu ndi ku miyendo kuti kutentha kutulukire kumeneko, ndipo zikakanika imayasama n'kuyamba kupuma mwawefuwefu kuti chinyezi cha kukhosi chiuluke ndi kutentha kwina. Kupuma kotereku kuli ndi mtengo wake, pakuti kumatulutsa mochuluka mpweya umene thupi la thadzi limausakaniza ndi laimu popanga chikamba cha dzira, ndipo n'chifukwa chake mazira a m'chilimwe amakhala aang'ono, ochepa ndiponso osachedwa kusweka. Mayi amene amadandaula kuti misoti yake yaleka kuikira mu Okutobala nthawi zambiri sanaberedwe mazira ndi agalu kapena ana. Nkhuku zake zikungolimbana ndi dzuwa.

Nkhuku yachikuda ikasiyidwa payokha imadziwa chochita. Imafuna chakudya m'mamawa, dzuwa likafika pamutu imabisala pansi pa nkhokwe kapena pa nthochi za kuseri kwa bafa kumene nthaka imakhala yonyowa, ndipo imafukula dothi kufikira itapeza lozizira n'kugonekapo chifuwa chake. Mwa nkhuku zachikudazi muli mtundu wa kameta, wopanda nthenga m'khosi, umene anthu ena amaunyoza chifukwa cha maonekedwe pamene akatswiri a ziweto amauwerengera kwambiri, popeza kuchepa kwa nthenga kumauthandiza kutaya kutentha msanga. Nkhuku za Mikolongwe, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp ndipo zinatchuka ndi dzina la famu ya boma ya ku Chiradzulu kumene zinkachulukitsidwa, ndi zazikulu thupi komanso zakuda bii, kotero zimafuna mthunzi wochuluka kuposa zachikuda. Zosalimba koposa zonse ndi nkhuku zanyama zachizungu, zimene zimakula kufika pogulitsidwa m'masabata asanu ndi limodzi okha, chifukwa thupi lokula mofulumira chotero limapanga kutentha kwambiri mkati mwake, ndipo zimene zimayamba kufa ndi zonenepa zomwe mlimi amayembekezera kuti zimubwezera ndalama za chakudya.

Apa ndi pamene nkhani ya khola imalowera. Mlimi wa kwa Mlonyeni akagulitsa soya, mtedza kapena fodya wake, n'zomveka kuti afune kumanga khola la njerwa lofolera ndi malata, chifukwa udzu ukusowa, umafuna kufoleranso kawirikawiri, ndipo khoma lolimba limatchinga vumbwe ndi akuba. Koma khola lotere likakhala lalifupi, lokhala ndi kazenera kamodzi, limasanduka uvuni wa njerwa, pakuti malata amamwa kutentha kwa dzuwa n'kukutsitsira pa misana ya nkhuku, njerwa zimakusunga mpaka usiku, ndipo mpweya wonyowa umene nkhuku zikupuma umasowa potulukira, mwakuti kupuma kwawefuwefu kuja kumaleka kuthandiza. Khola lakale la m'mwamba, lomangidwa ndi mitengo kapena nsungwi pa mafoloko n'kufoleredwa ndi udzu, linkapitisa mphepo pansi ndi m'mbali momwe, ndipo pa nkhani ya kutentha lokha limaposa lamakonoli kutali. Izi sizikutanthauza kuti amene anagula malata awaphwasule, koma kuti ayale udzu, mapesi kapena mphasa zakutha pamwamba pa dengalo, akweze denga ngati n'kotheka, ndipo agumule mbali ya khoma kumtunda n'kuikapo waya kapena bango kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Womanga latsopano aonetsetse kuti utali wa khola ukuloza kum'mawa ndi kumadzulo, kuti dzuwa la m'mamawa ndi la kumadzulo lizimenya makoma aafupi okha. Kuchepetsa chiwerengero cha nkhuku m'khola limodzi kumathandizanso, ngakhale ili ndi langizo limene mlimi woweta za malonda salilandira ndi manja awiri.

Madzi ndiwo amanyozeka kwambiri, chifukwa m'midzi yambiri muli chizolowezi choganiza kuti nkhuku imadzipezera yokha pomwera, zimene zimatheka m'dzinja koma osati pamene madambo auma ndipo mjigo uli ndi mzere wa zidebe. Thadzi loikira limamwa pafupifupi kota ya lita pa tsiku lozizira bwino, ndipo kukatentha muyeso umenewu ukhoza kuwirikiza, kutanthauza kuti nkhuku khumi zimafuna malita asanu kapena kuyandikira pamenepo. Madzi akafunda nkhuku imawakana ngakhale ili ndi ludzu, choncho chigubu chodulidwa chimene chasiyidwa padzuwa sichithandiza kwenikweni. Phale kapena mphika wadothi woikidwa pamthunzi n'kukwiriridwa pang'ono m'nthaka umasunga madzi ozizira chifukwa dothi limatulutsa chinyezi pang'onopang'ono. M'chomwera cha anapiye muikidwe timiyala kuti asamire. Madeya ndi chakudya china aperekedwe m'mamawa kwambiri ndi madzulo, popeza kugaya chakudya kumawonjezera kutentha m'thupi maola angapo nkhuku itadya, ndipo imene yakhuta chakumasana imakumana ndi kutentha kuwiri nthawi imodzi.

Chimene chimasokoneza anthu koposa n'chakuti miyezi yotenthayi ndi yomwenso chitopa chimavuta, ndipo zizindikiro zina zimafanana, monga kugwetsa mapiko ndi kupuma movutikira. Kusiyana kwake kulipo kwa amene ayang'anitsitsa. Nkhuku yolefuka ndi kutentha ikaikidwa pamthunzi, miyendo yake n'kuviikidwa m'madzi ozizira, imatsitsimuka pofika madzulo, pamene ya chitopa imakhala yosinza, imatsegula m'mimba zobiriwira, nthawi zina imapotokola khosi, ndipo m'masiku ochepa zinzake zimatsatira. Chitopa chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi, kotero makapisozi a anthu amene ena amasungunulira m'madzi a nkhuku sachiza kanthu. Chitetezo chake ndi katemera, ndipo wodziwika m'midzi ndi wa I-2, amene anapangidwa ku Australia kuti azipirira kutentha kuposa akatemera ena, amadonthezedwa m'diso, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Kupirira kutenthako kuli ndi malire ake, chifukwa botolo losiyidwa padzuwa limatha mphamvu, ndipo n'chifukwa chake otemera ophunzitsidwa bwino amalikulunga m'kansalu konyowa n'kugwira ntchito yawo m'mamawa, nkhuku zisanatuluke. M'dera la m'malire ngati la Mlonyeni, kumene Angoni ndi Achewa ali ndi abale ku Chipata ndipo nkhuku zimawoloka ngati mphatso za pa ukwati kapena chipepeso cha pamaliro, nkhuku yachilendo iyenera kusungidwa payokha kwa masabata awiri isanasakanikirane ndi zapakhomo.

Imfa zina zimachitikira panjira. Ogula nkhuku m'midzi amazimanga miyendo n'kuzipachika chadodolido pa njinga, kapena kuzithithikiza m'dengu, ulendo wa ku msika wa pa boma la Mchinji kapena ku chipata cha Mwami, ndipo nkhuku yomangidwa chotero singatambasule mapiko, singapume bwino, ndiponso simwa kanthu mpaka itagulidwa. Wamalonda amene amanyamuka mbandakucha, n'kuphimba dengu ndi masamba a nthochi kapena chiguduli chonyowa chosatseka mphepo, ndipo pofika pamsika n'kuzimasula n'kuzipatsa madzi, amafikitsa nkhuku zamoyo ndi zooneka bwino, pamene wonyamuka dzuwa litakwera amakakamizika kutsitsa mtengo wa zimene zalefuka asanafike n'komwe pa msewu wa tala.