Kalata Yafika, Yankho Akulifuna Mawa

Anzanga ogwira ntchito m'sukulu zogonera komweko za kumapiri, tiyeni lero tidandaule limodzi, poti kung'ung'udzira m'sitafu rumu kokha kwatitopetsa. Kaya muli m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kaya m'zitunda zozizira za ku Dedza ndi ku Ntchisi, kaya kumtunda kwa Chitimba kumene msewu wa Gorodi umakhota maulendo 20 munthu asanafike pa Khondowe, kalata yake mukuidziwa. Imalembedwa Lolemba, imafika pa foni ya ahedi Lachinayi usiku netiweki ikakumbukira kuti kuno kulinso anthu, ndipo imati mayina a ophunzira onse, zaka zawo, malikisi awo ndi chiwerengero cha madesiki othyoka zitumizidwe pa intaneti Lachisanu dzuwa lisanafike paliwombo. Pansi pake amalembapo kuti wochedwa adzafotokoza yekha chifukwa chake.

Ntchito sitikuikana ayi. Tinaisankha tokha, ndipo ambirife timaikonda. Chotipweteka n'chakuti olemba makalatawa akakhala pansi kuti alembe, sukulu imene amaiona m'maganizo mwawo ndi ya m'mbali mwa msewu wa tala, ya magetsi osathimathima, kumene mphunzitsi amaweruka 3 koloko n'kukwera minibasi kupita kunyumba. Lamulo amalisoka poyeza msinkhu wa sukulu imeneyo, kenako n'kudzativeka ife. Likatithina n'kung'ambika, osasamala timakhala ife amene.

Kodi kuno amaweruka ndani? Amene ali pa duti amadzuka tambala asanalire kachiwiri, m'mwezi wa June chiperoni chitakuta phiri lonse, kukagogoda m'mahositelo kuti ana adzuke. Aonetsetse kuti asesa, amwa phala, alowa m'kalasi. Iyenso aphunzitse mapiriyodi ake onse monga wina aliyense. Masana akaime ku dayiningi kuti pamzere pasabuke ndewu, madzulo ku bwalo la masewera, usiku ku pulepu, kenako kuwerenga mitu m'mahositelo kuti aone ngati wina sanadumphe mpanda. Akangoti agoneko, chitseko chagogodedwa: "Sala, sala, mnzathu wabanika!" Mwana wa mphumu, mwana wa malungo, mwana wa m'mimba. Amayi a metironi avala chitenje pamwamba pa juzi, tochi m'manja, ndipo ulendo wa kuchipatala wayambika. Galimoto ya sukulu, kwa amene ali nayo, ili pa miyala kudikira matayala, kapena ilibe dizilo. Timadzutsa achimwene a kabaza pakati pa usiku, ndipo mvula ikagwa njinga yamoto siyerekeza kutsika, ndiye timamanga machira. Pa fomu yowerengera ntchito yathu pali malo olembapo mapiriyodi basi. Usiku wonsewo tiulembe pati?

Nanga za intanetizo tizitumiza bwanji? Sukulu iliyonse ya kuphiri ili ndi malo ake odziwika kumene netiweki imagwira: mwala wina kuseri kwa khitchini, chulu cha kumapeto kwa bwalo la mpira, kapena nthambi yachiwiri ya mtengo wa mapeyala. Mudzapeza adeputi, munthu wolemekezeka wa imvi zake, ataima pachulu atakweza laputopu m'mwamba, kalaliki atawagwirira ambulera kuti mvula isanyowetse makina. Ena amayamba kutumiza fayilo, n'kuika foni m'jumbo, n'kuikoleka pa mtengo, n'kupita kukaphunzitsa, poyembekezera kuti pobwera aipeza itapita. Zikakanika, munthu amatsika phiri ndi ndalama ya m'thumba mwake, bandulo ya m'thumba mwake, kukafika pa tiledingi senta n'kumva kuti makina a kulikulu lero sakutseguka. Ndipo mukudziwa mmene zimathera: zonse zitatumizidwa, imabwera kalata ina yoti akufunanso mapepala enieni, osainidwa, odindidwa chidindo, operekedwa pamanja.

Koma zonsezi n'zochepa poyerekeza ndi za kukhitchini. Sukulu yogonera komweko imayendetsedwa ndi mphika, ndipo aliyense amene anakhalako abodingi masitala amadziwa zimenezi. Ndalama ya chakudya imene mwana amalipira imaikidwa kutali, ndipo sukulu singaikweze mwa iyo yokha. Chifukwa chake timachimvetsa, pakuti makolo ambiri ndi alimi osauka, ena mwa iwo abale athu omwe. Koma mitengo ya zinthu sidikira kalata. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inapsereza minda, mpaka boma linalengeza mu March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Pofika kumayambiriro kwa 2025, thumba la chimanga la makilogalamu 50 linayandikira K100,000 m'misika ina ya kum'mwera. Mphika wa ana mazanamazana sunachepe, matumba odzaziramo ndi amene anachepa. Pa bolodi la ku dayiningi mndandanda wa chakudya ukadali womwe uja: mpunga Lamlungu, nyama kawiri pa sabata. Abasala akaudutsa amayang'ana kumbali.

Kugula kwake nakonso n'kwa malamulo a m'tauni. Akuti tisanagule chilichonse tipeze makoteshoni atatu kwa ogulitsa olembetsedwa, okhala ndi mapepala a msonkho. Cholinga chake n'chabwino, chifukwa ndalama za sukulu zabedwapo m'malo ena ndipo tonse timadana nazo. Koma kuphiri kuno ogulitsa atatu olembetsedwa tiwapeza kuti? Mayi wa kuseri kwa mpanda ali ndi nyemba zatsopano, kabichi wake tikumuona ndi maso m'dimba, mtengo wake ndi wabwino, koma alibe chikalata. Ndiye timaitanitsa kwa wamalonda wa m'tauni, amene amaika mtengo wa mayendedwe pamwamba, nabweretsa nyemba zofumbwa za chaka chatha, ndipo mvula ikagwa lole yake imathera m'munsi mwa chitunda. Pamenepo anyamata a Fomu 3 amatsika kukasenza matumba, phunziro la masamu n'kuthera pomwepo. Nthawi zina nyemba zimenezo zimakhala za mayi yemwe uja, zitapita kaye m'tauni kukapeza mapepala.

Apa m'pamene madala athu ophika amaonetsa luso limene palibe koleji imaphunzitsa. Kabichi mmodzi amamudula mopyapyala mpaka kukwanira tebulo lonse. Nyemba amazithira madzi ndi kaufa kuti msuzi ulimbe. Soya pisi anakwezedwa udindo, tsiku la nyama amatuluka ndi iye, ndipo ana anazolowera kumutchula nyama popanda kuseka. Chipande chogawira nsima chimasinthidwa mwakachetechete pakati pa teremu, chachikulu n'kubisidwa. Aphunzitsi a za ulimi amasandutsa phunziro lililonse kukhala la kudimba, kuti mpiru ndi repu zipulumutse sabata yomaliza. Koma mimba ya mwana wa zaka 16 sinamizidwa nthawi yaitali. Tsiku lina usiku miyala imayamba kugwa pa malata, ndipo mawindo oyamba kusweka amakhala a nyumba ya abodingi masitala, munthu amene wakhala akukongola ufa m'dzina lake kuti anawo asagone ndi njala. Kukacha kalata imafika msanga, netiweki osavuta, yofunsa chifukwa chimene utsogoleri wa sukulu walepherera kusunga mwambo.

Nkhuni nazo zili ndi nkhani yake. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo mkungudza wake, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutha. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa kuopsa kwa phiri lopanda mitengo. Akuluakulu amakumbukira napolo wa ku Phalombe wa mu 1991, ndipo tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinakwirira midzi, n'kudula misewu ndi milatho. Ena mwa ana amene timawaphunzitsa anataya makolo awo masiku amenewo. Choncho lamulo loletsa kudula mitengo timagwirizana nalo ndi mtima wonse, ndipo timaliphunzitsa m'kalasi. Funso lathu ndi limodzi: nsima ya ana onsewa tiphikire chiyani? Mapoto a magetsi, kumene alipo, ena anafa kalekale, ndipo amoyowo amadikira magetsi amene amabwera ana atagona. Ndiye timatola zitsononkho, mapesi, utuchi wa kwa akalipentala, nthambi za bulugamu zogwa ndi mphepo. Desiki lothyoka ophika amaliyang'ana ndi diso lachifundo, koma sangalikhudze, poti linawerengedwa kale ndipo nambala yake ili kulikulu.

Madzi timamwa a m'mapaipi ochokera kumtunda kwa phiri. Dzinja likafika mapaipiwo amakokoloka kapena kutsekeka ndi mchenga, mu October amangodontha. Mphunzitsi wa Chingerezi amasanduka pulambala, akukwera phiri ndi alonda, atanyamula mphira wa chubu cha njinga womangira potayikira. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 tinalamulidwa kuika ndowa zosambira m'manja pakhomo la kalasi lililonse. Ndowazo tinaika, ndipo linali lamulo loyenera. Koma madzi ake ankachokera pamitu pa atsikana amene anayenera kukhala m'kalasi nthawi imeneyo.

Mwezi ukatha mavuto amasintha nkhope. Malipiro amalowa ku banki, banki ili kuboma, ndipo kupita ndi kubwera kumadya gawo lake ndalamayo isanafike m'nyumba. Timatumizana: mmodzi amatsika ndi makadi a anzake asanu, manambala achinsinsi atalembedwa pa kapepala, chinthu chimene a banki amaletsa ndipo ifenso tikudziwa kuopsa kwake. Akapeza makina alibe ndalama, sitafu yonse imagona ndi ngongole za ku banki m'khonde. Kalata yoitanira anthu ku maphunziro apadera kapena ku mayeso okwezera udindo imatipeza tsiku litadutsa. Mphunzitsi wachinyamata akatumizidwa kuno amafika ndi chikwama chimodzi, n'kuona nyumba yodontha yoti agawane ndi mabanja awiri, n'kunena kuti akukatenga katundu. Sitimuonanso, ndipo sitimuda, pakuti nayenso ali ndi moyo wake. Otsalafe timagawana maphunziro ake, mpaka wa Chichewa kupezeka akuphunzitsa sayansi, usiku akuwerenga pa nyali zimene akaphunzitse mawa. Ophika ndi alonda amene malipiro awo amadalira fizi ndiwo amavutika koposa, chifukwa makolo akachedwa kulipira, iwo amadikira miyezi, koma pa moto ndi pa geti sajombapo.

Ndipo ana athu amalemba mayeso a MSCE omwewo amene amalemba a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, tsiku lomwelo, ola lomwelo, m'nyengo yozizira zala zitauma moti cholembera chimavuta kugwira. Zotsatira zikatuluka, sukulu zonse zimaikidwa pa mndandanda umodzi. Palibe amalemba m'mbali mwake kuti awa anaphonya masabata chifukwa mlatho unakokoloka, kapena kuti pulepu yawo inali ya makandulo. Komabe ana a kuphiri amakhoza, ena mpaka kusankhidwira ku yunivesite, ndipo tsiku limenelo ngakhale madala a kukhitchini amavina, poti akudziwa kuti msuzi wawo uja unagwira ntchito.

Ena amatiuza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, munavomera nokha kupita kuphiri. N'zoona tinavomera, ndipo chimatisunga kuno n'chakuti makolo anatisiyira ana awo m'manja, usana ndi usiku, miyezi itatu yathunthu. Koma kuvomera ntchito yovuta si kuvomera kuti iziwonjezeredwa kuvuta ndi anthu amene akanatha kuipeputsa ndi cholembera chokha.

Zopempha zathu si zazikulu, mabwana athu. Kalata yofuna yankho izitipatsa sabata, osati usiku umodzi, ndipo zikatumizidwa pa intaneti zikhale zatha. Ndalama ya chakudya iziunikidwa mitengo ikasintha, ndipo kumene makolo sangakwanitse, boma liziikapo dzanja. Pakhale njira yovomerezeka yoti sukulu yakutali igule ndiwo kwa alimi oizungulira, komiti ya makolo ikuchitira umboni. Poletsa nkhuni, tithandizeni mbaula zosatha nkhuni zambiri, mbande za mitengo yoti sukulu idzale yakeyake, ndi kukonza mapoto aja. Ntchito ya usiku iwerengedwe ngati ntchito, ndipo sukulu yogonera komweko iliyonse ikhale ndi namwino ndi galimoto yoyenda. Koposa zonse, musanalembe lamulo lina lokhudza ife, tumizani mmodzi wa inu adzakhale nafe sabata imodzi m'mwezi wa June, adzagwire duti, adzadye ku dayiningi, adzayese kutumiza fomu ali pachulu. Bulangete timubwereka, ndipo akadzabwerera ku ofesi adzalemba kalata imene tonse tingathe kuitsata.