Bikoni ikasowa, mboni zake zimalankhula

Nyengo yolima ikayandikira, mabwalo a mafumu amadzaza ndi milandu ya malire. Wina amati mnzake walowerera mizere iwiri, winayo amati mtengo umene unali malire unadulidwa kalekale. Milandu yotere imadya masiku osoza ndi kugalauza, ndipo imadanitsa anthu a bere limodzi. Mwezi uno tione mmene akatswiri oyeza malo, amene ambiri timawatcha masaveya, amapezera chizindikiro cha malire chikasowa. Phunziro lathu tilitenga ku Cape Town, mzinda umene uli ndi mbiri yaitali pa ntchito imeneyi.

Pamwamba pa phiri la Table Mountain, mamita 1,086 kuchokera pa nyanja, pali mulu wa miyala wotchedwa Maclear's Beacon. Dzinali ndi la Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene m'zaka za m'ma 1840 anabwereza miyeso ya kupindika kwa dziko imene Mfalansa wina, Lacaille, anachita mu 1752. Ntchito yoyeza inafalikira, ndipo m'kupita kwa zaka dziko la South Africa linaimika zipilala zasimenti pafupifupi 29,000 pamapiri ndi pazitunda. M'matauni zizindikiro zotere amaziika pansi pa msewu: kachitsulo kozikidwa m'simenti, kovundikiridwa ndi chivindikiro chachitsulo. Ofesi ya boma yosunga manambala a zizindikirozi, ya National Geo-spatial Information, ili ku Mowbray, mumzinda womwewo.

Chinsinsi cha ntchito yonseyi n'chakuti palibe chizindikiro chimene chimaima chokha. Saveya akakhoma bikoni pakona ya munda kapena poloti, amayeza mtunda ndi mbali kuchokera pa bikoniyo kufika ku zizindikiro zina zokhazikika. Zimenezi ndizo mboni zake. Amalembanso maonekedwe a bikoniyo, kaya ndi chikhomo chachitsulo, paipi ya m'simenti kapena mwala. Zolembazo ndi chojambula cha malowo zimakasungidwa ku ofesi ya mkulu woyeza malo, Surveyor-General.

Bikoni ikasowa, saveya sayamba ndi kukhoma ina. Amayamba wawerenga zimene analemba mnzake woyamba uja, ngakhale papite zaka 100. Kenaka amafunafuna mboni zimene zikadalipo, n'kuziyesa ngati zikugwirizana zokhazokha, chifukwa mboni nayonso ikhoza kusunthidwa. Akakhutira, amawerengera pamene bikoni iyenera kukhala, amayendetsapo makina onunkhiza zitsulo, n'kukumba pang'onopang'ono. Nthawi zambiri chikhomo chimapezeka chitakwiririka ndi dothi. Chikakhala kuti chinatha, dzimbiri lotsala m'nthaka kapena zibenthu za simenti zimaloza pamene chinali. Amamvanso za okalamba a m'deralo ndi kuona mipanda yakale. Pokhapokha umboni wonse ukasonkhana m'pamene amabwezeretsa bikoni, ndipo amalemba zonse zimene wapeza kuti wobwera pambuyo asadzavutike.

Makina amakono afulumizitsa ntchitoyi. Kuyambira pa 1 January 1999, South Africa imagwiritsa ntchito muyeso wa Hartebeesthoek94, wogwirizana ndi GPS, ndipo masiteshoni a TrigNet amathandiza saveya kuyeza molondola mpaka masentimita ochepa. Komabe mfundo yake sinasinthe: malire ali pamene bikoni yoyamba inakhomedwa movomerezeka. Manambala amangolondolera munthu kuti aipeze. GPS ya pafoni yam'manja imaphonya ndi mamita angapo, ndipo mamita atatu m'munda wa chimanga ndi mizere inayi.

Nkhaniyi ikutikhudza kwathu kuno. Ku Malawi, malamulo a 2016 a Customary Land Act ndi Land Survey Act anatsegula njira yoti mabanja alembetse minda yawo, kudzera m'makomiti a malo a m'midzi. Kumene ntchitoyi yafika, chikalata chimakhala ndi mphamvu pamunda ngati makona ake akudziwika. Kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu, ku Malawi ngakhalenso ku South Africa.

Tsono alangizi ndi alimi tingatengepo chiyani? Makolo athu ankadziwa kale za mboni podzala nkhadze, khonje ndi nsenjere m'malire. Chimene tingaonjezere ndi kulemba. Pakona iliyonse sankhani zinthu zitatu zosasuntha msanga, monga thanthwe, mjigo kapena mlambe, ndipo yezani mtunda ndi tepi, eni minda yoyandikana ndi a mfumu akuona. Mtsinje ndi chulu si mboni zodalirika, pakuti mtsinje umasintha njira ndipo chulu chimagumulidwa poumba njerwa. Lembani tsiku, miyeso ndi maina a amene analipo, ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake. Polima, siyani kamalo kozungulira bikoni, ndipo oyendetsa ngolo ndi makasu a ng'ombe adziwe pamene ili.

Bikoni ikazuka, musaibwezere nokha, ngakhale mukukumbukira bwino. Tetezani dzenje lake, uzani mnzanu wa m'malire ndi komiti, ndipo nkhaniyo ikafike ku ofesi yoyeza malo. Amayi amasiye ndi ana amasiye, amene mawu awo pabwalo sapita patali, ndiwo amapindula kwambiri pepala ndi mboni zikakhalapo.